Misozi ya Osankha Mtedza ku Mgona

Dunoon, Cape Town
9 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Asalaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kunyumba ku Mgona, pamodzi ndi mlongo wanga Karima. Kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwafika ndi mvula yake, moti ntchito yathu yopenta nyumba yachepa.

Ndalemba papepala chifukwa foni simukuyankha. Kalatayi ndapatsira Che Zaki, aja amayendetsa katundu pa basi, pamodzi ndi bulangete ndi juzi yanu.

Amayi, papita miyezi itatu chimangireni nikah, ukwati wathu ndi Tracy. Chaka chatha munandiuza nokha kuti, "Ngati mtima wako wakhazikika, kwatira." Koma tsiku lija Karima anaimba vidiyo kuti mumuone mkazi wanga, munangoyang'ana kamodzi, n'kutsinzina, n'kutembenukira kukhoma. Misozi ndinaiona ikutsika. Munabweza foni mutangopereka moni. Zithunzi zimene ndinatumiza, akuti simunafune kuzionetsetsa.

Ndikudziwa kuti Tracy ndi wa ku Ntchisi, wakulira m'tchalitchi, komanso mwambo sitinachitire kunyumba pamaso panu. Ngati ndi zimenezo zikukuwawani, ndiuzeni, ndine mwana wanu. Chete wanuyu ndi amene akundisowetsa mtendere. Tracy amandifunsa kuti, "Amayi anati chiyani za ine?" Ine ndimangoti netiweki inali yovuta.

Ndiuzeni za mtedza chaka chino, ndi za denga lija ngati linakonzedwa.

Mwana wanu,
Swaleh


Area 25, Lilongwe
23 Juni 2024

Achimwene,

Waleikum salaam. Ine ndili bwino, ku saluni makasitomala akubwera pang'onopang'ono. Katundu wafika, bulangete amayi akufunda. Ndalemba kalata chifukwa foni yanga amagwira ndi anzanga akuntchito, ndipo nkhaniyi sindikufuna imveke mu Area 25 monse.

Loweruka ndinapita ku shedi ya bambo Amos kumene amayi amasankha mtedza. Mukuidziwa, malata pamwamba, m'mbali monse mopanda chotchinga. Chaka chino bambowo agula makina oswa mtedza, ndipo mphepo ya Juniyi ikawomba fumbi lonse ndi makoko zimathera pa azimayi osankha. Amayi ndinawapeza pakati pa anzawo, lichero pamiyendo, zala zikuthamanga monga mwa masiku onse. Pa zaka khumi ndi chimodzi zimene akhala mkulu wa osankha, palibe amene amawaposa. Koma achimwene, misozi inali chuchuchu m'masaya, akupukuta ndi nsonga ya mpango.

Ndinati, "Amayi, mwatani?"

Iwo anati, "Palibe. Tenga lichero undithandize, m'malo mondiyang'ana kumaso ngati ndine galasi."

Kunyumba n'chimodzimodzi. Akaweruka amatseka makatani n'kukhala mumdima dzuwa lisanalowe. Qur'an yawo, imene sinkapuma, yachita fumbi pashelefu. Ku madrasa ya azimayi ya Lachitatu anasiya kupita. Kalata yanu anawerenga mizere itatu, n'kuipinda, n'kuiika pansi pa pilo. Anthu oyandikana nawo akuti ndi mtima. Chimwalirireni bambo athu, sindinawaonepo chonchi.

Ine alamu anga a Tracy ndilibe nawo chifukwa. Koma mukawerenga masiku, zonsezi zayamba nthawi ya ukwati wanu. Sindikuti mwalakwa, ndikungonena zimene ndaona.

Denga linakonzedwa.

Mlongo wanu,
Karima


Mgona
7 Julayi 2024

Swaleh mwana wanga,

Waleikum salaam. Ndili bwino, Alhamdulillah. Juzi yandikwana.

Usadabwe ndi zilembo zikuluzikuluzi, ndikulemba mofulumira. Mkazi wako ndinamuona. Sindikulira ayi. Karima amalankhula kwambiri, ndi matenda a ku saluni.

Pali zinthu zina zimene mayi sakamba ndi mwana wamwamuna. Usandifunsenso.

Mtedza chaka chino ulipo koma wambiri uli ndi chuku, ntchito yakula. Foni usamaimbe ya vidiyo. Kodi mkazi wakoyo amagwira ntchito yanji kumeneko?

Uziswali, mapemphero usasiye.

Mayi ako,
Mwanamisi


Dunoon, Cape Town
20 Julayi 2024

Karima,

Moni mlongo wanga. Ndikhulupirira uli bwino.

Kalata ya amayi ndailandira. Waiona kutalika kwake? Mizere yosakwana khumi. Dzina la Tracy sanalitchule n'komwe, angoti "mkazi wakoyo". Akuti ndisaimbenso vidiyo, kutanthauza kuti nkhope yake sakufuna kuionanso. Ndiye akufunsa za ntchito yake, ngati kuti ndinakwatira munthu wongodya zanga.

Ndinamuonetsa Tracy kalatayo chifukwa ndatopa kunama. Anawerenga, kenako n'kundifunsa zachilendo, zoti amayi ali ndi zaka zingati, ndiponso ngati zilembo zawo zakhala zazikulu chonchi kuyambira kale. Ndinamuuza kuti asiye, asadzivutitse ndi munthu amene sakumufuna.

Tinakonza zobwera mu Disembala. Uwauze amayi kuti sitibweranso. Sindingatenge mkazi wanga ulendo wa masiku atatu pa basi kuti akamutembenukire kukhoma. Amayi anatilera okha, ndi mtedza womwewo, ndipo zimenezo sindidzaiwala. Koma apa andipweteka.

M'katunduyu muli shuga, sopo ndi nsapato zako zija.

Mchimwene wako,
Swaleh


Dunoon, Cape Town
21 Julayi 2024

Kwa Amayi,

Ndikupereka moni mwaulemu, ndagwada. Ndine Tracy, mpongozi wanu. Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino. Kalatayi ndaibisa m'kati mwa paketi ya sopo, ana anu sakudziwa. Mundikhululukire ngati ndadumpha malire.

Munafunsa za ntchito yanga. Ndimasamalira gogo wina wachizungu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi. Ndimamusambitsa, kumuphikira, ndiponso kanayi pa tsiku ndimamudontheza mankhwala m'maso. Maso ake amafiira, amati mumamveka ngati muli mchenga. Kunja kukawala kapena kukawomba mphepo, misozi imangotsika yokha pamene iye akuseka. Foni sangaiyang'ane ngakhale mphindi imodzi. Dokotala wake anandiuza kuti vutoli limakonda anthu akamakula, ndipo limagwira kwambiri azimayi kuposa azibambo.

Tsiku la vidiyo lija, Amayi, ine ndinaona zosiyana ndi zimene ana anu anaona. Munthu wokwiya sapereka moni ndi mawu ofewa ngati amene munandipatsa. Ndinaona maso ofiira, zikope zikuphethira kawirikawiri, ndi dzanja likutchinga kuwala kwa foni. Mwina ndikulakwitsa. Ngati ndi ine amene ndakukhumudwitsani, ndiuzeni, ndipirira. Koma ngati ndi maso, chonde musaikemo china chilichonse chimene anthu angakuuzeni. Pitani kuchipatala cha maso akakuoneni.

Amayi anga ondibereka anamwalira ndili Sitandade 6. Zambiri za umayi ndinaphunzira kwa anthu a m'njira. Nditamva kwa ana anu mmene munawalerera, ndinkalakalaka tsiku lodzakhala nanu pamkeka.

Ndatha ine mwana wanu,
Tracy


Area 25, Lilongwe
1 Sepitembala 2024

Achimwene,

Asalaam aleikum. Muli bwanji ndi alamu? Ine ndili bwino, koma ndili ndi manyazi.

Katundu wanu wa mu Julayi wafika dzana. Che Zaki akuti galimoto inawonongeka m'njira, katundu n'kukhala m'nyumba yosungira milungu isanu. Kalata yanu ndawerenga ndekha. Amayi sindinawauze za Disembala, ndipo mukamaliza kuwerenga iyi mundithokoza.

Amayi anachotsedwa ntchito ku shedi milungu iwiri yapitayo. Ndiyambe poyambira.

Mukuwakumbukira mayi Zulaikha, anzawo aja a amayi amene amakhala kuseri kwa mzikiti? Nawonso maso ankawavuta. Wina anawauza kuti afinyiremo madzi a masamba ena ake. Kutacha diso linatupa osatseguka. Amayi anasiya lichero, n'kuwakweza minibasi mpaka kuchipatala cha maso ku Central. Anapezeka ndi chilonda padiso, ndipo adokotala anati akanachedwa masiku awiri diso likanafa. Ali komweko, dokotalayo anayang'ana amayi athu n'kunena kuti, "Nanga inu operekeza, maso anuwo bwanji? Khalani apa." Achimwene, amayi sankalira. Ndi matenda a maso. Akuti maso awo ndi ouma. Ine ndi pakamwa pangapa ndinakusokonezani.

Munthu wina akanalandira mankhwala n'kukhala chete. Amayi anagula kope la ana asukulu. Kwa sabata yathunthu, nthawi yopuma, ankapita kwa mayi aliyense mu shedimo kumufunsa zaka zake, ngati maso amamuwotcha, ndi zimene amaikamo. Wina ankaika madzi a shuga, wina mkaka wa m'mawere wa mwana wake, wina mankhwala ogula pamsika opanda dzina. Pa azimayi makumi awiri mphambu asanu ndi awiri, khumi ndi asanu anali ndi vutoli, ndipo pafupifupi onse anali akuluakulu. Aliyense ankabisa poopa kuti bwana akadziwa amuchotsa.

Tsiku limene anapita kwa bambo Amos ndinalipo, ndinawapititsira chakudya. Anaima pafupi ndi sikelo, kope m'manja.

Anati, "Bwana, tikupempha zinthu zitatu. Makinawa asunthire kumunsi kwa mphepo. Mbali iyi mutchinge ndi mphasa. Ndipo Lachinayi m'mawa mutilole tipite kuchipatala."

Bambo Amos anaseka. "Mayi Mwanamisi, ino ndi shedi ya mtedza, si chipatala. Amene maso atha akapume kunyumba. Atsikana ofuna ganyu ali mbwee panjapo."

"Atsikanawo adzafikanso pa msinkhu wathu," anatero amayi. "Inunso bwana, diso lanu lamanzerelo lamera kanyama. Chaka chatha kanali pakona, lero kayandikira pakati. Tiyeni tipitire limodzi."

Bambowo anagwira diso lawo, n'kutsitsa dzanja msanga. Anati aliyense wojomba Lachinayi asadzabwerenso.

Lachinayi amayi anadzuka, n'kuvala chitenje chawo cha ku Ijumaa, chopitira ku mzikiti Lachisanu, n'kukaima pa siteji. Ndinkaganiza kuti akhala okha. Anabwera azimayi khumi ndi awiri. Anadzaza minibasi imodzi, amayi atakhala kutsogolo ndi kope lawo. Onse anaonedwa. Pobwerera, amayi anauza bambo Amos kuti anzawowo anawakakamiza ndi iwo, choncho ngati pali wochotsedwa akhale iwo okha. Ndi mmene zinakhalira.

Panopa ali pakhomo. Sakudandaula. M'mawa amathowa zikope ndi kansalu kofunda, akudontheza mankhwala, ndipo dzulo ndinawapeza akuwerenga Qur'an pakhonde. Potsegula sopo anapezamo kalata ina. Anaiwerenga mpaka kumapeto, kenako anandituma kukagula mapepala ndi envelopu.

Mlongo wanu,
Karima


Mgona
15 Sepitembala 2024

Tracy mwana wanga,

Moni. Ndili bwino, Alhamdulillah, kaya iwe ndi ntchito yako. Ndikuti "iwe" monga ndimanenera kwa Karima. Ukandilola zikhale choncho.

Kalata yako inachedwa m'njira, inandipeza nditapita kale kuchipatala. Koma ndinadabwa. Karima amandiona sabata iliyonse, anzanga amakhala nane tsiku lonse, mwana wanga ndinamubereka ndekha. Onsewo anaona misozi. Iwe unandiona mphindi imodzi pa foni, uli kutali, n'kuona maso.

Ndikuuze zimene sindikanatha kumuuza mwamuna wako. Chaka chatha mwezi wa Okutobala ndinasiya kusamba. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Thupi linayamba kutentha lokha, thukuta kutuluka popanda chifukwa, khungu kuuma. Pasanapite nthawi maso anayamba kuwotcha. Ndinkadziwa mumtima kuti zinthuzi zabwera pamodzi, koma ndikanayamba bwanji kumufotokozera mwana wamwamuna? Karima ndikanamuuza m'mawa, pofika masana saluni yonse ikanadziwa. Komanso ndinkaopa. Mayi anga anafa osaona. Ndinkati ndi zomwezo zandipeza, ndipo Swaleh akamva asiya ntchito n'kubwera kudzandiyang'anira, ukwati wake uli wa masiku ochepa.

Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wako. Anandidontheza mankhwala achikasu, n'kundiunika ndi nyali ya buluu. Anati m'mphepete mwa zikope muli timabowo totulutsa mafuta, ndipo mafutawo ndi amene amaphimba misozi kuti isaume msanga. Munthu akamakula mafutawo amachepa, makamaka ife azimayi tikasiya kusamba. Ndiye diso limauma, fumbi n'kumalikanda, thupi n'kumathira madzi ambiri nthawi imodzi, koma madziwo sakhazikika, amangotsika m'masaya.

Ndinamufunsa kuti, "Ndiye kuti ndikulira chifukwa chouma?"

Anaseka, nati, "Eya amayi. Koma si khungu ayi. Mukasamala muziona mpaka kukalamba. Sikuti zitheratu, koma zizichepa."

Ndinatuluka m'chipindamo miyendo ili yopepuka. Ndili pa minibasi ndinayamba kuwerenga m'mutu anzanga amene ndinkawaona akupukuta maso ndi mipango, aliyense atayang'ana kumbali kuti mnzake asamuone. Tonse tinkabisirana chinthu chimodzi. Zinandikwiyitsa, ndipo n'chifukwa chake ndinagula kope.

Zoti ndinachotsedwa ntchito wamva. Zatha. Lachiwiri lapitali bambo Amos anabwera pakhomo pano, chipewa m'manja. Kampani imene imawagula mtedza inawabwezera matumba, akuti munadzaza chuku. Atsikana amene analemba maso ali nawo akuthwa, koma sadziwa chimene akufuna. Mtedza wachuku nthawi zina sumauona, umaumva kupepuka kwake pa chala.

Anati, "Mayi, mawa mubwere."

Ndinati, "Makina ali pati?"

Anati, "Tasuntha."

"Nanga mphasa?"

"Tigula."

"Mukagula mudzandiitane."

Anagula tsiku lomwelo. Potuluka anaima pakhomo, n'kufunsa motsitsa mawu kuti kuchipatalako munthu amafika nthawi yanji. Ndinawaperekeza Lachinayi. Adokotala anawauza kuti kanyama kamene kanamera m'diso mwawo kamakonda anthu okhalitsa padzuwa ndi pafumbi, n'chifukwa chake kamapezeka kwambiri mwa azibambo a ntchito zapanja. Adzakachotsa mwezi wamawa.

Panopa ku shedi tili ndi ndowa ya madzi oyera yosambira m'manja ndi kumaso. Ikakwana teni koloko ndimaomba m'manja, tonse n'kutsinzina pang'ono, n'kuphethira. Anyamata onyamula matumba amatiseka, amati tikupemphera. Atsikana aja sanachotsedwe, ndinawalankhulira kwa bwana, ndipo ndikuwaphunzitsa kusankha. Ndimawauzanso za zimene zidzawapeze akadzafika pamene tafika ife, chifukwa ife palibe anatiuza. Mayi Zulaikha diso lapola, latsala ndi kachipsera, koma akuona.

Unati zaumayi unaphunzira kwa anthu a m'njira. Zimene zatsala udzafunse kwa ine. Za tchalitchi chako ndi mzikiti wathu tidzakambirana tili pamkeka, si nkhani ya papepala, ndipo si imene inandigwetsa misozi. Unditumizire chithunzi chako chotsukitsa, cha papepala, chifukwa cha pa foni chimandilasa m'maso.

Kalatayi ndi yako. Mwamuna wako umuuze kuti ndili bwino, basi.

Mayi ako,
Mwanamisi


Dunoon, Cape Town
6 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Asalaam aleikum. Tili bwino, dzuwa labwerera ndipo ntchito yayambanso. Ndikhulupirira kuti maso akupitirira kupeza bwino.

Karima wandifotokozera zonse za ku shedi. Ndinawerenga kalata yake nditakhala pa ndowa ya penti nthawi ya nkhomaliro, ndipo anzanga anandifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta. Ndinawauza kuti ayi, ndikuwerenga za mayi anga, amene anadzaza minibasi ndi azimayi n'kutaya ntchito yawo kuti anzawo asataye maso. Mmodzi wa ku Zimbabwe anati ndiwerengenso mokweza, ndimumasulire.

Amayi, ndinakuganizirani zoipa. Ndinalemba mawu ena kwa Karima amene ndikuthokoza Mulungu kuti sanakufikeni. Ndinkangoganiza za ine ndi ukwati wanga, osafunsa n'komwe ngati mukudwala. Mundikhululukire.

Kalata imene munalembera Tracy sindikudziwa zimene zilimo. Anaiwerenga kawiri, n'kuiika m'chikwama chake cha kuntchito. Nditafunsa anati, "Amayi akuti ali bwino." Ndinati masamba anayi onsewo? Anati, "Zinazo ndi zathu." Kuyambira tsiku limenelo akuyenda m'nyumba muno akuimba.

Tikubwera pa 18 Disembala, Insha Allah. M'katunduyu muli magalasi otchinga fumbi khumi ndi asanu, Tracy anayenda masitolo atatu kuwafunafuna, akuti mugawire anzanu. Mulinso chithunzi, ndi envelopu yake yomata, yolembedwa dzina lanu. Ndi yolemera ndithu. Sindinaitsegule.

Mwana wanu,
Swaleh